Timaluwa Toweramitsa Mutu ku Mbagala

Ababa anga sankadandaula za kutentha kwa Dar es Salaam. Zaka makumi atatu akusamalira maluwa pasukulu ina yamishoni, thukuta lili kamukamu, koma osatchulako. Maso atayamba kuchita ng'ala m'pamene pakamwa panatseguka. Tsiku lililonse nkhani inali ya ku Dedza, kumene ali achinyamata ankagwira ntchito m'munda wa maluwa wa mzungu wina wa zankhalango, ndi timaluwa tina toyera totuluka nthawi yachisanu, mutu titaweramitsa pansi. "Ndikanangotionako kamodzi maso asanatsekeke," ankatero. Adokotala anali atanena kale kuti pakutha pa chaka adzakhala atasiyiratu kuona.

Inali nthawi ya ruksa, pamene boma linalola anthu kuitanitsa katundu wakunja. Masitolo amene tinazolowera kuwaona ali pululu, opanda ngakhale sopo, anadzaza mpaka pakhomo. Ine ndinkataipa mapepala kwa ajenti wina wa zapadoko ku Kurasini. Tsiku lina nditatumidwa kutauni ndinaona kapaketi m'sitolo ina yatsopano, pamwamba pali chithunzi cha timaluwa tomwe tija. M'kati munali timizu khumi tozungulira, tonga anyezi ang'onoang'ono. Ndinagula osanenerera n'komwe, ine amene ndimalimbana ndi kondakitala wa daladala mpaka basi yonse kutembenuka.

Ababa anasisita timizuto m'manja, kununkhiza, kenako kuseka mpaka kutsokomola. "Ndi tomweti! Koma mwanawe, timeneti sitimera tisanagone pachisanu milungu isanu ndi umodzi. Ndiye chisanu uchipeza kuti kuno ku Mbagala?"

Ndinati zimenezo asiyire ine. Mayi wina woyandikana nafe, wa ku Mangochi, anali atangogula chifiriji chakale chotsika m'kontena, choumitsira barafu, madzi oundana ogulitsa. Ndinakulunga timizu tija m'nyuzipepala n'kumupempha kuti aike pansi penipeni, pamene madzi amauma gwa. Nanga ine wobadwira ku Dar ndikanadziwa bwanji kuti chisanu chili mitundumitundu? Ndinkati kuzizira n'kuzizira basi, kukachuluka ndiye bwino. Ababa sindinawafunse, ndinkafuna adzangondiyamikira. Uchitsiru umenewo umandipwetekabe mpaka lero.

Milungu itakwana ndinakatenga timizu tija tili ngati miyala. Pofika masana tinali titafewa, tikuchucha madzi. Ababa anatola kamodzi, anakanikiza ndi chala, kenako anati, "Tenga khasu."

Tinadzala kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango. Anandiuza kuya kwake, zala zitatu, nsonga kumwamba. Mchenga wathu uja anausakaniza ndi masamba owola, n'kumanga kadenga ka masamba a kokonati. M'mawa uliwonse ankathirira ndi madzi a mumtsuko, akuti ndiwo ozizirirako, kenako n'kugwada, nkhope pafupi ndi dothi. Mwezi unatha, zii. Lamlungu lina iwo ali kutchalitchi ndinafukula pang'ono, ndipo ndinapeza matope okhaokha onunkha.

Apa ndiye ndinachita chinyengo. M'mbali mwa mpanda wa ofesi yathu munkamera timaluwa tina toyera, totuluka mvula ikangogwa, tosalabadira za kutentha. Ndinakumba timizu take n'kukakwirira pomwe paja mwakachetechete. Ndinkati, maso amenewo asiyanitsa chiyani? Choyera n'choyera.

Mvula ya mu Epulo itagwa, titatu tinatuluka. Ndinali nditavala kale zakuntchito, koma ndinathamanga ndikukuwa, "Ababa, bwerani! Timaluwa taphuka!" Anabwera akupapasa khoma. Anagwada, anayandikitsa nkhope mpaka mphuno kukhudza duwa, kenako anayendetsa chala kuchokera pansi pa phesi mpaka pamwamba.

"Iti tayang'ana kumwamba," anatero.

Ndinati mwina n'chifukwa cha dzuwa lakuno.

"Iwe, usandiyese mwana. Tija tinafa tsiku lomwe unabwera nato kuchokera kufiriji. Muzu wamoyo suchucha madzi."

"Nanga masiku onsewa mumathirira chiyani?"

"Ndikanakuuza ukanatani? Unkangondiyang'ana ngati wapha munthu."

Ndinakhala pansi padothi lonyowalo n'kulira. Iwo sananditonthoze. Anangokhala chogwada, chala chili paduwa paja, n'kuyamba kundiuza zimene anali asanandiuzepo. Akuti ku Dedza mu Juni udzu umayera mbee m'mawa. Akuti amayi awo ankawafunditsa manja m'khwapa mwawo asanapite kuntchito, chifukwa zala zinkakana kugwira khasu. Manda a amayi awowo sanawaonepo, kalata ya maliro inafika patatha miyezi iwiri. Ankalankhula ngati sindilipo, ndipo ine ndinasirira dziko limene sindinalipondepo.

Ndinawalonjeza kuti chaka chamawa ndidzagula tina, ndipo ndidzayamba ndafunsa bwinobwino. Anapukusa mutu.

"Gula, udzaone iweyo. Ine ndagwada apa, ndayandikira mpaka mphuno. Kunena zoona, mwanangu, ngakhale kuyera kwakeko sindinakuone."