Ndowa ya Mayi Esinati

Mayi Esinati a kwa Mwambo sankadziwa kudya okha. Akagula matemba a ku Chilwa, theka linkathera m'makomo mwa anzawo, makamaka kwa mng'ono wawo Elenala, m'bale yekhayo amene anawatsalira.

Mdani wawo anali kaufiti, kaudzu ka maluwa ofiira koyamwa chimanga. Anazula zaka ndi zaka mpaka msana unapindika.

Chaka china kunabwera anthu a bungwe lina ndi mankhwala oyesera. Anati ndi amoyo, muli tizilombo tosaoneka ndi maso todwalitsa kaufiti yekha. Anaphunzitsa kuwasakaniza ndi mpunga wophika, kuvundikira masiku angapo, kenako kuthira m'phando podzala. Otsala, anati, akwiriridwe. Koma khutu la Esinati linatola mawu amodzi basi: amoyo. Nanga chamoyo sichiswana? Munthu n'kukwirira chinthu choti chikanathandiza mnzake?

Chimanga chinachita bwino chaka chimenecho. Otsala aja anawasunga mu ndowa, n'kumawonjezeramo mpunga ngati akuweta nkhuku. Chuku choyera cha pamwamba chinayamba kuda ndi kununkha. Iwo anati mankhwala akhwima.

Mvula itayandikira, mankhwala aja anatengera Elenala, amene ankadzala chimanga ndi nandolo m'munda umodzi, ndipo ana ake asanu ankadalira nandoloyo.

"Achemwali, a bungwe aja analola zimenezi?" anafunsa Elenala.

"Iwe tenga. Ndasamala ndekha."

Elenala anathira podzala. Nandolo atayamba maluwa anafota, mzere ndi mzere, mpaka munda wonse. Mlangizi wa zaulimi anasuzumira mu ndowa muja n'kupukusa mutu. Anati munalowa tizilombo tina tosadziwika. Sakanalumbira kuti n'timene tinapha nandolo, koma matenda ofotetsa akalowa m'nthaka amakhalamo zaka.

Elenala sanatukwane. Bola akanatukwana, mtima wa Esinati ukanapepukako. Ankangowapatsa moni waulemu ngati alendo, ndipo zimenezo zinkawapweteka koposa.

Dzinja lotsatira Esinati anasankha nandolo wawo wabwino kwambiri, anapeta kawiri, n'kupita naye kwa Elenala. Pofika anaona okha kuti pakhomopo palibe mbewu ngakhale yodzaza dzanja.

Elenala anagwada, anayang'ana m'lichero muja, koma manja sanatambasule.

"Zikomo, achemwali. Chaka chino tapeza kale."

Esinati anasenzanso lichero lawo. Njira yake ndi yaifupi, koma anakhala pansi kawiri asanafike kwawo.