Supuni Isafike Pansi

Mayi a nyumba ya pakona ku Chibavi, amene amachititsa lendi ana a ku yunivesite, sakhala opanda nkhawa. Pakamwa pawo sipachoka mawu akuti, "Nanga zikalakwika?"

Khirisimasi ikafika, amakonza chotsekemera chosaphika chimene anaphunzira kwa mtsikana wina wa lendi: mabisiketi pansi, mango pakati, yogati pamwamba, m'beseni lokwanira mpingo wonse. Akaliika mufiriji amangoyang'ana babu, kuopa kuti magetsi azima.

Chaka chatha kutchalitchi, wogawa anayamba ndi akuluakulu monga mwa mwambo, koma ankangotapa pamwamba. Akulu a mpingo anadya yogati yekhayekha, amayi anapeza mango, ana n'kutsala ndi mabisiketi amene anali atamwa kukoma konse. Mayiwa ankangodikira chitonzo.

"Yewo chomene, mama," anathokoza mkulu wina m'Chitumbuka. "Phala lozizirali ndi labwino."

Panja ana ankanyambita zala.

Chaka chino mayiwa abisira ana chokoleti pansi penipeni, koma mtima sukukhazikikabe. Akungonong'oneza mtsikana uja kuti, "Nanga wina akawauza akuluakuluwo kuti supuni imafika pansi?"