Nyimbo imene munaiyamba pamwamba

Azakhali, lero pakwana zaka zitatu chitisiyireni, ndipo ndili ndi funso limene sindinakufunseni. Mukukumbukira Lamulungu lija kutchalitchi kwathu ku Nkando, mutayambitsa nyimbo pamwamba kwambiri? Pofika pa kolasi tonse mawu anatithera, ena n'kuyamba kuseka. Ine ndinabisa nkhope m'chitenje ngati wolakwa ndine. Inu munangotsokomola, n'kunena kuti, "Pepani abale, tiyambirenso," ndipo munaiyambadi. Pobwerera kunyumba ndinakuuzani kuti ndinu olimba mtima. Munaseka. "Iwe, mtima ukundigundabe mpaka pano. Koma ndikamadikira kuti mantha athe, Mulungu ndidzamuimbira liti?"

Mawa ndikukalembanso mayeso a unamwino amene ndalephera kawiri. Ena akuti ndingosiya, ndizikathyola tiyi ngati anzanga, ndisachitenso manyazi kachitatu. Funso langa ndi ili: kanthawi kaja, mutatsokomola koma musanatsegulenso pakamwa, munamuuza chiyani Mulungu? Ndayesa kuganiza, sindikupeza. Kaya munangoti "Ndithandizeni," kaya simunanene kanthu. Mtima ukundigunda ngati wanu uja, azakhali, koma cholembera chili kale m'chikwama. Ndiyambiranso.