Mlandu wa Ndege ya M'galaja

Unkhoswe ndinaulowa mosaufuna. Kuno ku Perth kulibe atsibweni, ndiye banja likagwedezeka anthu amangogwira amene amakhala nawo benchi imodzi kutchalitchi. Ine ndi amuna anga tinagwidwa choncho ndi banja lina lotiposa msinkhu. Mayiwo ndi akwathu ku Dedza, choncho ndimawatchula achemwali, bambowo n'kukhala alamu. Ankhoswe awo enieni, wina anamwalira kalekale, wina ali kumudzi kumene foni imagwira ukakwera pachulu. Tinavomera poganiza kuti ndi ulemu chabe, poti anthu aimvi angayambanirenji.

Loweruka lina m'mawa achemwali anandiimbira foni.

"Mubwere ndi bambo. Kuno kuli mlandu."

"Mlandu wanji, achemwali?"

"Alamu anu akufuna kumanga ndege m'galaja."

Ndinaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi. Iwo sanaseke.

"Ndege amange, ine sindikuwaletsa. Koma imene asankhayo, ndiye kuti kumudzi sitipitanso."

Apa kuseka kunandithera. Aliyense kutchalitchi ankadziwa pangano la anthu awiriwa, lakuti alamu akapuma pantchito kumapeto kwa chaka chimenecho abwerera ku Malawi. Nyumba anali atamanga kale ku Lilongwe. Achemwali ankakamba za kwathu ngati munthu amene chikwama chili kale pakhomo. Zaka zonse zimene anagwira ntchito yosamalira nkhalamba za eni dziko, ankapirira poti tsiku lobwerera linalipo.

Alamu nawo anali ndi matenda awoawo. Anakulira kufupi ndi bwalo la ndege ku Chileka, ndipo khosi lawo linazolowera kuyang'ana kumwamba. Kuno ankagwira ntchito yopinda ndi kudula malata m'fakitale ina kudera la Malaga, konkuno ku Perth. Ana atakula anayamba kuphunzira kuyendetsa tindege ting'onoting'ono Loweruka lililonse, mpaka anapeza laisensi tsitsi litayera kale. Kenako anamva kuti munthu ukhoza kuitanitsa ziwalo za ndege m'mabokosi n'kuzilumikiza wekha pakhomo. Kuyambira pamenepo tulo tinawathawa.

M'galimoto amuna anga ankangoyankhula za injini ndi mapiko, maso ali gwa ndi chisangalalo. Ndinawafunsa ngati akupita kukamva mlandu kapena kukaona ndege. Anati zonse. Ndinawauza kuti akangotsegula pakamwa kuyamikira ndegeyo, abwerera pa sitima.

Tinapeza galaja atayisesa mbee, galimoto ataitulutsa panja padzuwa. Anatiikira mipando momwemo. Tinapatsana moni mwa mwambo wake, kufunsana za ana ndi zidzukulu ngati sitinaonane Lamlungu lapitalo. Kenako amuna anga, monga nkhoswe ya kuchimuna, anapempha alamu kuti ayambe.

Alamu anayala zithunzi zitatu pabenchi yogwirirapo ntchito. Ndege yoyamba imabwera itamangidwa mbali yaikulu, munthu n'kumalizitsa m'zaka ziwiri kapena kuchepera apo. Yachiwiri inali ya mapaipi okutidwa ndi nsalu yolimba, mapiko ake opindika, moti ukhoza kuikoka ndi galimoto. Yachitatu inali ya malata okhaokha. Imeneyo amakutumizira malata athyathyathya, iwe uboole wekha, upinde wekha, ukhome timisomali tija amati maliveti kamodzikamodzi mpaka ndege ioneke. Poifotokoza yachitatuyi mawu awo anafewa ngati akunena za mwana wakhanda.

Funso langa loyamba linali lakuti iliyonse imakwera anthu angati. Ndine Mmalawi, galimoto timagula powerenga mipando ndi malo a katundu. Atandiuza kuti zonse ndi za anthu awiri, ndinaona kuti palibe chovuta. Ife ankhoswe ntchito yathu ndi kudula pakati, aliyense atuluke ndi kake. Ndinati atenge yachanguyo, amalize, auluke kangapo, aigulitse, azipita kwawo. Kapena atenge yopinda mapikoyo, ilowe m'kontena limodzi ndi mafiliji ndi mipando. Ndinadzimva kuti ndine wanzeru kwambiri tsiku limenelo.

Alamu anapukusa mutu mwaulemu.

"Yachanguyo, mlamu, ndi ntchito ya anthu ena. Kuli ngati kugula nyumba n'kungoipaka penti. Ya nsaluyo ndi tenti. Ine ndine munthu wa malata."

Achemwali anaika manja pamiyendo. Sanayang'ane amuna awo. Anayang'ana ine, poti pamlandu munthu amayankhula kudzera mwa nkhoswe yake.

"Afunseni, ya malatayo itenga zaka zingati."

Ndinafunsa. Alamu anati zimatengera, mwina zisanu ndi zitatu, mwina khumi.

"Afunseninso kuti pomaliza adzakhala ndi zaka zingati. Ndi ine ndidzakhala ndi zingati."

Alamu anayamba kufotokoza za kulimba kwa malata, za mafuta, za mphepo ya kunyanja imene imawomba masana kuno. Amuna anga n'kumagwedeza mutu ngati ali m'kalasi. Ine mtima unandiwira. Amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma tsiku limenelo dambo lake linali louma. Ndinaiwala kuti akundiposa zaka.

"Alamu, khotekhote ngwanjira, palinga mtima mpomwepo. Ife sitinabwere kudzaphunzira za mafuta. Kumudzi mukupita kapena simukupita?"

Amuna anga anandiponda phazi. Sindinabweze mawu anga.

Alamu anasisita chithunzi cha ya malata ija ndi chala. Atayamba kuyankhula, sanadzere mwa nkhoswe. Anati ulendo womaliza umene anapita kumudzi, anzawo onse amene anakula nawo anawapeza ali kumanda. Ana a abale awo ankawagwadira ngati mlendo wolemekezeka, n'kuwasiya okha pakhonde. Manda a mayi awo anachita kuwalondolera, poti njira inasintha ndipo mitengo imene ankaidziwa inadulidwa. Ku Lilongwe anagona m'nyumba yatsopano ija masiku angapo, n'kumadzuka osadziwa choti agwire.

"Kuno ndikadzuka ndimadziwa kuti manja anga apita pati. Zidzukulu zili ku Joondalup, ndi pompano. Kumudzi ndikakhala munthu wodikira imfa pampando. Ndinkaopa kuwauza mayiwa. Ndinati ndikasankha yotenga nthawiyi, ndege indinenera."

Ndinawamvera chisoni, ngakhale ndinabwera nditanola lilime. Zimene ananenazo ambiri a ife timazidziwa, koma sitizitchula. Timamanga nyumba kwathu, timatumiza zithunzi zake pafoni, n'kumati chaka chamawa.

Achemwali anaimirira n'kulowa m'nyumba. Tinamva madzi akutuluka pampopi nthawi yaitali. Atabwerako nkhope inali yosambidwa, maso ali ofiira. Anakhala pampando wawo n'kukonza chitenje.

"Bambo, zaka zonsezi tagona pamphasa imodzi, inu n'kutuma malata kuti andiuze? Pakamwa munalibe?"

Alamu anati, "Ndinalakwa, mayi."

"Gulani yanu ya malatayo. Sindingakukokereni kumudzi kuti mukandifere ndi maganizo. Ine ndizipita ndekha, ndizikakhala mwezi umodzi kapena iwiri, n'kumabwerako. Koma ankhoswe, tcherani khutu, poti ichi ndiye mwabwerera."

Anatembenukira kwa ine.

"Ndikatsogola ine, musandiike mumchenga wa kunowu. Mukandigoneke ku Dedza, pafupi ndi amayi. Ngakhale ana atanena kuti n'zovuta, ngakhale bambowa atafooka. Kwathu ndalephera kupitako ndi miyendo, koma ndikafikeko."

Mwambo umati nkhoswe ibwereze mawu otere mokweza, kuti pasadzapezeke wonena kuti sanamve. Ndinayamba kubwereza, koma pofika pa dzina la kwathu ndinalekera pomwepo. Amuna anga ndi amene anamalizitsa. Alamu anaomba m'manja mwapansipansi, misozi ikutsikira m'ndevu, n'kunena kuti amva ndipo adzachita.

Mabokosi anafika miyezi ingapo pambuyo pake. Pano mchira unatha, phiko limodzi lili pabenchi, linalo likadali malata. Ndinadzadziwa mochedwa kuti maliveti sakhomeka ndi munthu mmodzi. Wina amakhoma kunja, wina amagwiriziza kachitsulo kolemera mkati. Wogwiriziza mkatiyo ndi achemwali. Amavala zotseka m'makutu pamwamba pa duku, n'kumakalipira alamu kuti akhoma mopotoka. Akuti kukwera sadzakwera, ngakhale atawalonjeza chiyani.

Anthu kutchalitchi amati mlandu uja tinauweruza bwino, banja linapulumuka. Ine sindiona chimene ndinaweruza. Munthu mmodzi anangogonja, ndipo ine ndinatuluka m'galaja muja nditasenza maliro a munthu wamoyo. Zimandilemera. Achemwali akangotsokomola kutchalitchi ndimatembenuka.

Mwezi wathawu achemwali anawagoneka m'chipatala masiku angapo chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Sizinali zoopsa, anatuluka. Koma tsiku limene ndinakawaona, alamu atatuluka kukagula madzi, anandikoka dzanja n'kundiyandikiza.

"Simunaiwale?"

"Sindinaiwale, achemwali."

Anandisiya dzanja n'kutseka maso, nagona tulo.