Miyezi Itatu Kuchidikiro

Mpaka lero, ndikamva fungo la mankhwala okolopera m'chipatala, aja oyabwa m'mphuno, m'kamwa mwanga mumadzaza malovu. Ana anga amandiseka kuti m'dziko muno ndine ndekha amene chipatala chimamuyambitsa njala. Sindiwatsutsa. Kwa ine fungo limenelo linabwera litasakanikirana ndi la makoko a mango ofota padzuwa, utsi wa nkhuni zonyowa ndi usipa wootcha pamakala, chaka chimene ine ndi amayi tinakhala kuchidikiro, kuseri kwa chipatala cha pa boma ku Mangochi. Chidikiro chinali chinyumba chachitali cha malata momwe amayi oyembekezera ochokera kutali ankadikirira tsiku lawo. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndinali ndisanasangalalepo chotero.

Kwathu kunali kumapiri, chakufupi ndi Chiponde, m'mudzi womwe msewu wake unkatha ntchito mvula yoyamba ikangogwa. Pambuyo panga amayi anabereka ana awiri, ndipo onse sanalire. Wachiwiriyo anathera panjira, amayi ali pamachira, amuna anayi owanyamula ataima m'mbali mwa mtsinje wodzaza kudikira kuti madzi aphwe. Chipatala cha mishoni chinalipo chapafupiko, koma chinali cholipira, ndipo ndalama yake ababa sakanaipeza ngakhale akanagulitsa denga. Cha boma chinali chaulere, kungoti ulere wake unali kuseri kwa mapiri, kutsidya la Shire. Choncho mimba ina itaoneka, amayi anauza ababa kuti ulendo uno sadikira mvula. Ababa anangomasula mbuzi n'kupita nayo kumsika.

Vuto linali limodzi. Kuchidikiro ankalandira okhawo amene mwezi wawo wochira wakwana, chifukwa malo anali ochepa. Amayi anali atangolowa mwezi wachisanu ndi chiwiri. Akanadikira kuti masiku akwane, lole ikanakhala itasiya kale kufika kwathu.

"Patuma," anandiuza akumanga lichero pamwamba pa dengu la ufa, "aliyense akakufunsa, unene kuti mwezi wanga ndi uno. Wamva?"

Ndinavomera msangamsanga, mtima wanga uli pa lole.

Ulendowo unali woyamba kukwera galimoto. Tinakhala pamwamba pa matumba a nandolo, ndipo lole itayamba kutsetsereka m'mapiri, makutu anga anatseka, kutentha kukukwera kudzatichingamira. Ndinaona nyanja koyamba ili kutali, ikuphethira ngati lata latsopano. Pa mlatho wa Shire ndinatsinzina, kenaka ndinadzikwiyira kuti ndatsinziniranji, n'kutsegula maso titaoloka kale. Potsika, anyamata a chipani a malaya ofiira anatiimitsa kufuna makhadi. Amayi anamasula mfundo ya nsalu n'kutulutsa lawo ndi langa. Mnyamata wina analoza mimba ndi chibwano, nati, "Nanga la uyu?" Amayi anatulutsa lachitatu, pakuti ababa ankawadziwa bwino masiku amenewo. Mlongo wanga anakhala ndi khadi la chipani asanakhale ndi dzina.

Mzamba wamkulu anali a Nambewe, mayi wamfupi wa ku Dedza, wa diresi loyera lokhuthala ndi sitachi, amene ankalankhula ngati kutentha kwa ku Mangochi tinabwera nako ndife. Anagoneka amayi pabedi kuseri kwa katani, ine ndikusuzumira pansi pake.

"Miyezi ingati, Abiti Saidi?"

"Wanga ndi uno, amayi."

A Nambewe anasisita mimbayo ndi manja onse awiri kwa nthawi yaitali, anamvetsera ndi kachitoliro kawo kachitsulo, kenaka analemba pa khadi la kusikelo. "Kapezeni malo. Ndipo kamwana kanuka ndisakaone kakuthamanga m'khonde." Kuchokera tsiku limenelo ndikamva nsapato zawo ndinkathawa kukabisala.

Koma mantha amenewo ankatha ndikangotuluka panja. Kunali mpopi. Munthu wobadwira m'tauni sangamvetse kuti mpopi ndi chiyani kwa mwana amene wakula akutsika chigwa ndi ndowa kawiri patsiku. Sabata yoyamba ndinatungira madzi aliyense, ngakhale amene sanandipemphe, ndipo amayi a mmenemo ankandiyamika kuti ndine mwana waulemu, osadziwa kuti ndinkangofuna kupotoza kachitsulo kaja. Kuseri kwa makhitchini kunali mitengo iwiri ya mango yomwe inkagwetsa zipatso padenga ndi phokoso loti amayi apakati ankadzidzimuka n'kutukwana. Ife atsikana odikirira amayi athu, tinalipo asanu kapena asanu ndi mmodzi, tinkadya mpaka m'mbali mwa milomo mutachita zilonda. M'mawa uliwonse azamba ankayendetsa amayiwo kuzungulira mpanda akuimba nyimbo za kusikelo, ife tikutsatira pambuyo titalonga nsanza m'madiresi, manja m'chiuno, tikubuula. A Nambewe akatulukira, mimba zathu zinkagwera m'fumbi nthawi imodzi.

Munali anthu a mitundumitundu. Munali akazi a asodzi a ku Nkhudzi, amene amuna awo ankawatumizira utaka wouma m'mapepala. Munali mkazi wa mphunzitsi wa ku Ntcheu, amene ankaimba nyimbo za kutchalitchi akuchapa, koma akapeza nkhuku ankafunafuna Msilamu woti amuzingire, kuti tonse tidye nawo. Amayi akayala nsalu kuti aswali, iye ankatitontholetsa ana ndi diso lokha.

Kuchidikiro kunali mwambo umene sunalembedwe paliponse. Mayi akachira, sankabwerera kwawo ndi chotsala chilichonse. Ufa, mchere, nkhuni, kachidutswa ka sopo, zonse ankazisiya m'manja mwa amene wakhalitsa kuposa onse, ndipo iyeyo ankagawira osowa. Ankati kubwerera ndi ufa wa kuchidikiro n'kuitana kuti udzadikirenso ndi misozi. Ife tinatenga ufa wa masabata atatu. Utatha, amayi anali atakhala kale wokhalitsa wa onse, poti anzawo ankabwera, kuchira n'kumapita, iwo ali pompo. Pakona pathu panasanduka nkhokwe. Atsopano akafika, amayi ndi amene ankawaonetsa pogona, mafuwa opanda mwini ndi nthawi imene madzi amasiya kutuluka. Anawapatsa dzina loti Anyakwawa, ndipo ine ndinkayenda mapewa ali m'mwamba, poti ndinali mwana wa nyakwawa, wogwira mbale yoyezera ufa. Sindinadyepo bwino ngati m'miyezi imene tinalibe chathu.

Zoseka sizinkachedwa. "Anyakwawa, kodi muli ndi mimba ya njovu?" Amayi ankaseka nawo n'kunena kuti mwanayo ndi waulesi ngati bambo ake. Mvula inagwa, mango anatha, kunabwera ngumbi zomwe tinkazithamangitsa ndi nthambi. Uthenga unafika kudzera mwa wogulitsa nyemba kuti mtsinje wa kwathu wadzaza ndipo lole yasiya kufika.

Ndipamene ndinalakwitsa. Tsiku lina masana, amayi onse ali pakhonde kusankha nyemba, a Nambewe anadutsa, ndipo mwina kunja kunawakomera, chifukwa anaima n'kundigwira tsaya.

"Iwe, mng'ono wakoyu akufuna adzatuluke atamera mano?"

Anthu anaseka. Ine, pokondwa kuti mzamba wamkulu wandilankhula ngati munthu, ndinafuna kuonetsa kuti ndimadziwa zinthu.

"Iyayi, amao anauza ababa kuti abwera chimanga chikamasula."

Chimanga nthawi imeneyo chinali chisanafike m'mawondo. Pakhonde nyemba zinasiya kulira m'malichero. Amayi anayang'ana pansi. A Nambewe anachotsa dzanja lawo patsaya langa n'kuchokapo. Amayi sanandimenye, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa mbama. Anangoyamba kupinda nsalu zathu imodziimodzi. Ndinadziwa kuti akatithamangitsa tilibe kolowera, ndipo ndinakumbukira machira aja. Ndinalira mpaka kusanza.

M'mawa mwake a Nambewe anaima pakhomo, manja m'chiuno, n'kulankhula mokweza kuti aliyense amve.

"Abiti Saidi! Lachinayi lililonse kumabwera abwana kudzayendera makhadi. Tsiku limenelo sindikufuna kuona nkhope yanu pano, ngakhale ya kamwana kolongololaka. Mphasa ipindidwe, mutuluke kusanatenthe, mubwere galimoto yawo itachoka. Mwandimva?"

"Ndamva, amayi."

Ndinaona kuti chimenecho chinali chilango, ndipo ndinadana nawo a Nambewe ndi mtima wanga wonse. Koma ndinene zoona, masiku a Lachinayi ndiwo anakhala okoma kuposa onse. Tinkatuluka ndi mbatata yophika m'kansalu, n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka kumtsinje. Mayi wina wa sitolo, Mswahili wonenepa wa ndolo ya pamphuno, anatiloleza khonde lake, ndipo ankapatsa amayi mkeka woswalirapo ndi tiyi wa tsabola wa m'kapu ya galasi. Ine boma lonse linali langa. Ndinkaima pansi pa nsanja ya wotchi kudikira kuti muvi usunthe ndikuona. Ndinkawerama pa mlatho womwe uja ndinautsinzinira, kuonerera mabwato akudutsa pansi panga, asodzi akukalipirana m'Chiyao, chambo chikuphiriphitha m'madengu. Ndinaona mvuu ikuyasamula pakati pa bango. Ndinaona amayi a chipani akuyeserera magule pabwalo, nsalu zawo zofanana, ndipo ndinaba masitepe awo kukaphunzitsa anzanga. Mnyamata wa mandasi ankandipatsa zinyenyeswa za pansi pa beseni ndikamuthamangitsira ntchentche. Ndikabwerera pakhonde, ndinkapeza amayi atatambasula miyendo yawo yotupa, maso ali kumsewu wa kuchipatala. Ndinkawafotokozera zonse mosapumira, iwo akungoti, "Eetu, mwanangu."

Chimanga cha m'minda ya m'mbali mwa msewu chinamasula. Lachinayi lina, dzuwa lili paliwombo, ndinabwera kuchokera kumlatho n'kupeza amayi atagwira nsanamira ya khonde, thukuta lili chuchuchu. Mayi wa sitolo anandikankha pamsana kuti ndithamange. Ndinathamanga, madzi amvula akuthovoka m'mapazi, mpaka ndinafika pageti ndi kuona galimoto ya abwana itaima pamthunzi. Ndinazengereza pang'ono, chifukwa lamulo linali loti nkhope yanga isaoneke. Kenaka ndinalowa, ndikuthamanga m'khonde lomwe lija, ndipo ndinawapeza a Nambewe ali pambali pa bambo wa tayi atanyamula makhadi. Ndinangowakoka diresi loyera lija ndi manja anga a matope.

A Nambewe anandiyang'ana ngati sanandionepo. "Pepani bwana, kwabwera wodwala watsopano," anatero, n'kutula makhadi aja patebulo. Titangokhota pakona, anavula nsapato n'kuthamanga. Sindinkadziwa kuti munthu wamkulu wa sitachi angathamange chotero, akukuwira amuna awiri kuti abwere ndi machira a matayala.

Mwanayo anali atagona chopingasa. Madokotala anachita kuwang'amba amayi kuti amutulutse, ndipo ine ndinadikira panja, mkazi wa mphunzitsi uja atandikumbatira, mpaka dzuwa litapendeka. Mawu oyamba amene ndinamva anali a a Nambewe akukalipira munthu wina za madzi otentha. Achiwiri anali a mlongo wanga, ndipo analira mokwiya, ngati wamva zonse zomwe ankamunena. Amayi a kuchidikiro analulutira mpaka mlonda anabwera kudzaona. Ababa anafika patapita masiku anayi, wapansi, thalauza lili matope mpaka m'ntchafu. Anamunong'oneza mwanayo m'khutu azana, mawu oitanira anthu kukaswali, n'kumutcha Yusufu. Lero ndi bambo wa ana asanu, ndipo ulesi uja alinawodi.

Tinachoka osatsanzikana ndi a Nambewe. Amayi anawadikira pakhomo ndi nkhuku imene ababa anabwera nayo, koma iwo anangodutsa akunena kuti chipatala si msika. Ndinakula ndikuwakumbukira ngati mayi wankhanza amene ankathamangitsa amayi anga padzuwa, ndipo pansi pa mtima ndinkasunga manyazi oti pakamwa panga ndi pamene panaulula chinsinsi, n'kutsala pang'ono kutiphetsa.

Ndinadzamvetsa nditakwatiwa, nditagona ndekha pabedi la kusikelo ndi mimba yanga yoyamba. Mzamba wake anali mtsikana wamng'ono. Sanandifunse kanthu. Anangoika manja pamimba panga, kusisita kawiri, n'kunditchulira miyezi yanga ndendende. Ndinamufunsa ngati munthu angathe kumunamiza. Anaseka n'kunena kuti pakamwa pangathe, koma mimba ayi. Ndinakhala chigonere, ndikuyang'ana kudenga, mpaka anandifunsa ngati ndikumva kupweteka. Ndinkaganiza za a Nambewe tsiku loyamba lija, manja awo ali pamimba ya miyezi isanu ndi iwiri, akumva mayi wa kumapiri akunena kuti mwezi wake ndi uno. Anadziwa ine ndisanatsegule pakamwa, ndipo analemba zimene amayi ananena.