Galimoto yosafuna okankha

Galimoto yanga inali yakale kuposa mwana wanga woyamba, ndipo m'mawa sinkalira popanda kuikankha. Mudzi wonse kwathu kwa Kanduku unkadziwa zimenezi. Tsiku lopita kumsika ku Thambani, anansi anga atatu ankabwera okha osaitanidwa. Mmodzi anali bambo amene anathawa nkhondo ku Mozambique n'kukhazikika konkuno. Iyeyo ndiye ankawerenga m'Chipwitikizi, akafika pachitatu onse n'kukankha, uku akundinyogodola.

"Madala, chiphaphachi kaperekeni kwa osula mbaula!"

Ikalira tinkaisiya ikutsokomola panja kuti itenthe, ife tili pakhonde ndi tiyi. Chimwalirireni mayi a kunyumba, imeneyo ndiyo inali nthawi yokha imene pakhomo panga pankamveka mawu a anthu.

Mwana wanga wamkazi wa ku Blantyre sankakondwa nazo. "Ababa, mukuvutitsa anthu," anatero pafoni. "Ndapeza injini ina, yochotsa m'galimoto ya masiku ano." Ndinavomera. Ukakalamba, mphatso ya mwana suikana.

Makaniko anabwera nayo n'kukhala masiku anayi pansi pa mtengo wa mango. Injini yatsopanoyo inakana kukhala pamalo a inzake, mpaka anadula zitsulo n'kuwotcherera zina. Yakaleyo tinaitsitsa ndi tcheni, tinaigoneka kuseri kwa khola la mbuzi. Atamaliza anati, "Tayesani, bwana." Ndinangokhudza kiyi, basi yalira, mwakachetechete ngati mphaka. Anansi anaomba m'manja. Inenso ndinaomba nawo, kupusa kwanga.

Sabata yotsatira ndinawiritsa tiyi wa anthu anayi mwachizolowezi. Sikunabwere munthu. Akanadzatani? Sanandide ayi, tikakumana panjira ankandipatsa moni bwinobwino, ena n'kuwonjeza kuti, "Pano ndiye mwapuma." Koma kwathu mwamuna sapita kwa mnzake m'mamawa wopanda chifukwa, ndipo chifukwa chathu chinali chitagona kuseri kwa khola, nkhuku zikuikirapo mazira. Ndinasungulumwa koopsa, kuposa mmene ndinasungulumwira maliro atangotha.

Patapita miyezi iwiri ndinachita chinthu chimene sindinauzepo mwana wanga. Ndinateleka tiyi, ndinaika makapu atatu a anansi pakhonde, ndinatsegula boneti, n'kumasula waya wa batire. Ndinati ndiimbe hutala, anthu amve kuti chiphapha chayambiranso matenda ake. Ndinakhala pampando n'kudinikiza. Zii. Ndinadinikizanso ndi manja awiri. Apo m'pamene ndinakumbukira kuti hutala nayenso amadya kubatire komweko.

Ndinakhalabe m'galimotomo mpaka dzuwa linafika pachiwongolero. Kumunsi ndinaona bambo wa ku Mozambique uja akutsetsereka ndi khasu paphewa. Anandikwezera dzanja, ine ndinakwezanso langa. Sindinamuitane, iye n'kupitirira.

Kenaka ndinabwezera waya uja. Galimoto inalira kamodzin'kamodzi. Ndinaizimitsa, ndinakakhala pakhonde, ndipo makapu atatu aja ndinawabwezera m'kabati osawatsuka, poti anali oyera kale.