Wogwira Hatchi m'Nyuzipepala ya Bambo

Ndinadzuka kusanache, miyendo itachita dzanzi chifukwa chogona pa simenti. Amayi a kutchalitchi amene anachezera kuimba anali atatopa, nyimbo ikungotuluka chapansipansi. Bokosi la bambo linali pakati pa balaza. Kunja kunali chiperoni, kamvula kopanda ulemu kaja kolowa mpaka m'mafupa.

Ndinali ndi ntchito imodzi yoti ndichite anthu asanachuluke. Bambo ali m'chipatala anandigwira dzanja n'kunena kuti, “Pepala langa lija, mwanawe, udzandiikire m'thumba la jekete.” Ndinavomera.

Bambo anabwera kuchokera ku Mozambique ali mwana, ndipo moyo wawo wonse anaphika buledi pa bekare ya Mgiriki wina m'tauni. Mkazi wa Mgirikiyo ankalandira nyuzipepala zakwawo, ndipo akamaliza kuwerenga ankawapatsa bambo kuti azikulungira zinthu. Bambo sanakulungirepo kanthu. Zilembo zake zokhotakhota sankazidziwa, koma nyengo yokumbukira ufulu wa Agiriki ikafika, mayiyo ankawamasulira uku iwo akukanda ufa. Nyuzipepalazo zinkadzaza ndi ndakatulo ndi zithunzi za alendo amene kalekale anasiya kwawo kukamenyera ufulu wa Agiriki. Ankawajambula okongola, malaya opanda banga, ngakhale pofa maso ali kumwamba ngati oyera mtima a pa kalendala ya tchalitchi. Mayiyo akuti ankaseka, ankati ena mwa alendowo ankangofuna kutchuka, ena anabwerera ataona njala ndi nsabwe, koma olemba akwawo sankafuna kuipitsa mlendo amene anabwera kudzalira nawo.

Tsamba limodzi bambo ankalikonda koposa. Panali alendo atakwera mahatchi, mayina awo atalembedwa m'munsi, ndipo kumapeto kwenikweni munthu wopanda nsapato atagwira chingwe cha hatchi. Bambo anafunsa dzina lake. Mayi uja anafufuza tsamba lonse n'kunena kuti sanalembe.

Ndinalowa kuchipinda n'kukoka katoni ya nyuzipepala pansi pa bedi. Munalibe kanthu.

Kuseri kwa nyumba moto unali utayaka pa mafuwa ambirimbiri, utsi ukukwawa pansi. Ndinafunsa alamu anga, akazi a achimwene.

“Mapepala aja? Takolezera moto, alamu. Nkhuni zanyowa izi. Si osawerengeka aja?”

Mtima unandiwawa moti ndinafuna kuwalalatira. Koma munthu wachezera kuphikira alendo ako, umuyamba bwanji? Ndi iko komwe, za lonjezo tinkazidziwa ine ndi amayi anga basi. Ndinagwada m'matope n'kuyamba kupalasa phulusa ndi manja, fuwa lililonse. Amayi ophika anangoyang'anana, poganiza kuti chisoni chandizunguza mutu. Sindinapeze kanthu.

Kutacha anthu anayamba kufika. Masamba amene anyamata anayala pamsewu anali atamatirira m'matope, maminibasi akuchepetsa liwiro podutsa. Kunabwera abale a ku Bangwe ndi a ku Machinjiri, kunabweranso madala angapo amene anagwira nawo ntchito pa bekare, zikhatho zawo zili ndi zipsera zofanana ndi za bambo. Phiri la Ndirande silinaoneke tsiku lonse. Banja la Mgiriki linabwerera kwawo kalekale, ndinkadziwa kuti sikubwera munthu, komabe galimoto iliyonse ikaima ndinkadzutsa mutu. Ndinalandira anthu ndi zikhadabo zakuda ndi phulusa, ndipo ndikayang'ana bokosi ndinkachita manyazi ngati bambo akundiona.

Nthawi yoona nkhope itayandikira, mayi wina wachikulire wa kokuphika anandikodola. Anatulutsa m'chitenje kapepala kopindapinda, kali mwaye wokhawokha. Anati anakachotsa pamoto kuti azigwirira poto, ndipo atamva zimene ndinkafuna anachita mantha kukataya. Nditakatambasula ndinaona kuti alendo onse apsa, pamodzi ndi mayina awo. Panatsala mutu wa hatchi, chingwe, ndi munthu wopanda nsapato uja.

Ndinawerama pa bokosi ngati ndikukonza kolala, n'kukalowetsa m'thumba la jekete. Mkulu wa mpingo anandiyang'ana ndi diso lofunsa. Ndinamubwezera diso lomwelo, iye n'kuyang'ana kumbali.

Tinanyamuka mvula ikuwazabe, akwaya patsogolo, ife m'mbuyo tikuterereka m'njira yokwera kumanda. Wowerenga mbiri anathokoza abusa, akuluakulu a m'dera ndi amene anabwereketsa magalimoto, aliyense ndi dzina lake ndi udindo wake. Zaka zonse za bambo pa uvuni anazitchula m'chiganizo chimodzi.

Potsitsa bokosi ndinadzutsa maso. Pakati pa adzukulu, okumba manda aja, panali bambo wina wamtali kumapeto kwa dzenje, wopanda nsapato, matope mpaka m'mawondo, atagwira chingwe ndi manja awiri. Sankaimba nawo. Ankangoyang'ana bokosi, akutsitsa pang'onopang'ono ngati wanyamula m'bale wake. Titaika nkhata ndinamufuna kuti ndimuthokoze, koma sindinamuone. Ndinafunsa adzukulu enawo. Wina anati ankayesa ndi wachibale chathu, wina anati ankayesa ndi wa kutchalitchi. Dzina lake panalibe wolidziwa.

Madzulo nyumba inakula. Mabenchi anali atabwezedwa, mafuwa atazima, fungo la utsi lili m'makatani. Amayi anakhala pa mphasa atatsamira khoma, pomwe panali bokosi, ndipo sanafune kuti tiyatse magetsi.

“Mwawapatsa pepala lawo lija abambo anu?” anandifunsa.

“Ndawapatsa kachidutswa chabe, amayi. Linapsa.”

“Mbali iti yatsala?”

“Ya munthu wogwira hatchi.”

Amayi anakoka chitenje n'kufunda mapazi.

“Okwera mahatchi aja abambo anu sankawayang'ana n'komwe,” anatero. “Ankati amenewo ali ndi owakumbukira.”